Kanyumba ka ku Nsanje Kasanyezimire

Lolemba

Mayo ine, ababa!

Ndikungofika kuchokera ku saluni, nsapato sindinavule, akundikodola ndi chala. Tikuzungulira kuseri, ku kachipinda kawo kosokera, kaja akhala akukiya chisiyireni utelala. "Tseka chitseko, mayi ako asaone." Akuvundukula chitenje chakale patebulo.

Ndi kwa agogo ku Nsanje! Pakhomo ponse pamene anabadwira amayi, paja panapita ndi madzi osefukira, pakhala pamwamba pa chitseko chakale cha kabati. Zomwe ndikuona:

- nyumba yaikulu, msinkhu ngati kapu ya tiyi, makoma a katoni, denga la udzu wa tsache
- kakhitchini, mwaye wake uli pamwamba pa khomo
- nkhokwe yopendekera kumanzere (akuti inkapendekeradi choncho)
- khola ndi mbuzi zoumba ndi utuchi ndi guluu, ina yothyoka nyanga
- mtengo wa masau
- chingwe choyanikira, pali kachitenje kochepa ngati chikhadabo changa. Kopendera! Akapendera ndi singano!

Chithunzi cha pakhomopo palibe ndi chimodzi chomwe. Zonsezi zatuluka m'mutu mwa munthu amene amafunafuna magalasi ali pamphuno. Akuti anayamba chaka chatha. Ife tinkati madala akungomvera wailesi.

Lamulungu likubwerali ndi tsiku lokumbukira ukwati wawo. Akufuna apereke kwa amayi tikaweruka ku Misa. Pansi pa mtengo wa masauwo ndi pamene anawafunsira, akutero, uku akuyang'ana kumbali.

Vuto ndi limodzi. Penti ndi uja wa ana asukulu, wosungunula ndi madzi. Ndangokhudza khoma ndi chala cha thukuta, chala chabwerako ndi khoma. Pakufunika chopaka pamwamba choti chiteteze.

"Za m'mabotolo ndi zako," akutero ababa. "Koma kasanyezimire. Wamva? Kasawale ngakhale pang'ono."

Afika pa munthu wake! Ine zikhadabo ndiye ntchito yanga. Ku saluni chonyezimira timati gulosi, chosanyezimira timati mati, ndipo ndimasiyanitsa ngakhale nditatsinzina.

Pulani:
Lachiwiri kugula vanishi wa mati.
Lachitatu kuyesa.
Lachinayi kupaka.
Lachisanu kuuma.
Loweruka kupuma.
Lamulungu amayi kulira, ine kujambula pa foni.

Zophweka.

Lachiwiri

Ndapempha kuweruka masana. Minibasi ya ku Ndirande, bondo langa m'nthiti mwa munthu, thumba la makala la munthu wina pa phazi langa. Palibe kanthu. Ku Ndirande kulibe chosowa, amatero aliyense.

Chosowa chilipo.

Zomwe ndamva pa mabenchi a ogulitsa penti ndi misomali:

"Vanishi wosawala? Ndiye mukugula chiyani, sista, madzi?"

"Tengani uyu. Amawala mpaka ntchentche kuterereka."

"Pakani wowala yemweyu, asanaume muwaze fumbi."

Wokhoma mabokosi a maliro akuti iye amapaka wowala nthawi zonse, ndipo makasitomala ake sanabwerepo kudzadandaula.

Ndikufotokoza kuti ndi za kanyumba kakang'ono. "Ka nkhunda?" Ayi. "Ka galu?" Ayi, ka agogo anga. Andiyang'ana mwachifundo, wina wandipatsa mpando.

Pomaliza bambo wina akutulutsa botolo la pulasitiki pansi pa benchi, lopanda dzina lililonse. "Mati weniweni uyu. Sindigulitsa kwa aliyense." Ndatenga. Kunyumba ndapaka pa chidutswa cha katoni. Chauma. Chikuwala ngati chipumi cha mwana pa tsiku la ubatizo!

Ababa sakudandaula. Ndawapeza akuluka kamphasa ndi makoko a chimanga, lilime lili panja. Zala zikuluzikulu zija, za nyamakazi, koma mzere uliwonse wowongoka. Ndaima pakhomo kuwayang'ana mpaka ndaiwala kuti ndakwiya.

Amayi pa chakudya: "Kodi tsache langa akulidya ndani? Latsala ngati mchira wa khoswe." Ababa atsamwa ndi madzi. Ine ndayang'ana kudenga.

Lachitatu

Nzeru yabwera ndikupaka zala za kasitomala. Ndikuzunguliranji Ndirande yonse pamene mati ali m'manja mwangamu? Kabotolo kaja timapaka pamwamba pa penti wa zikhadabo kuti asawale! Madamu a saluni andibwereka kotsala theka. "Ukabweze. Ndipo usandiuze zomwe ukukapaka, sindikufuna kudziwa."

Kuyesa pa nyumba ayi. Tiyese pa mbuzi.

Ababa akusankha mbuzi ngati ya pa ukwati. Iyi ayi, inali ya agogo ako aakazi. Iyi ayi, inkabereka mapasa. "Tenga ya mawangayi. Inali yamwano, inandidyera kolala ya shati tsiku lomwe ndinapita kukaonekera." Mbuzi iliyonse akuidziwa khalidwe lake! Ine mayina a anzanga a ku sekondale ndinaiwala kale.

Ndapaka ndi kaburashi, dzanja la katswiri, kamodzi kuchokera kumutu mpaka kumchira.

Zotsatira:
- mawanga achoka pamsana, atsetserekera kumimba
- diso limodzi lasamukira pakhosi
- miyendo yakutsogolo yafewa, mbuzi yagwada
- kachipinda konse kakununkha saluni

Ababa aitola, aitembenuza pa windo, uku ndi uku. "Koma sikunyezimira ndithu," akutero. Kenako apinda ndi miyendo yakumbuyo yomwe, aigoneka pa mthunzi wa nkhokwe, nkhope yoyang'ana kukhoma. "Izigona. Inali yaulesi kale."

Munthu uyu! Ndikanakhala ine, wina akanalira lero.

Phunziro: burashi imakoka penti wamadzi. Pasakhudze kanthu. Pakufunika vanishi wopopera, wa m'chitini.

Amayi akununkhiza m'mwamba: "Bambo a Domi, mwayamba kupaka zikhadabo?"

Pulani yasuntha pang'ono. Pang'ono chabe.

Lachinayi

Limbe! Sitolo ndi sitolo, dzuwa lili pamutu. Wa gulosi ali paliponse, ofiira, agolide, asiliva. Wa mati, mitu ikungopukusidwa.

Miyendo itatsala pang'ono kundikana, ndalowa m'kasitolo ka penti wa galimoto kuseri kwa msika. Mayi wogulitsa sanandifunse ngati ndi za nkhunda. Wakwera pa mpando, watsitsa chitini cha fumbi pa shelefu ya pamwamba. "Chatsala chimenechi basi. Mugwedeze mpaka dzanja liwawe, mupopere chapatali." Ndatsala pang'ono kumukumbatira.

M'minibasi ndachifungatira ngati khanda. Kamwala ka m'kati kakulira khokhocho, khokhocho pa bampu iliyonse. Gogo wina wasuntha, akuti kapena ndi bomba.

Kunyumba dzuwa likadalipo. Ababa apaka chidutswa cha katoni penti wa khoma. Tadikira chiume. Ndagwedeza. Ndapopera, fuuu, kamodzi. Tadikiranso, tonse titanjuta ngati ana oonera nyerere.

CHATHEKA!

Mtundu womwewo, ngati sipanapite kanthu. Ndanyowetsa chala ndi malovu, ndatikita. Palibe chochoka! Ndatembenuzira ku dzuwa. Kuwala zii! Ababa andigwira dzanja ngati ndine mlendo wolemekezeka. "Mwanawe, sukulu ya zikhadabo si yachabe."

Ndikuti tipopere pompano, dzuwa lisanalowe. Akukana. Njira yopita ku mtsinje sanaimalize. Akusefa mchenga ndi kasefa ka tiyi, akuwaza pa guluu pang'onopang'ono, akuti njirayo inkakhota pafupi ndi khola chifukwa panali chulu. Ndani angadziwe? "Mayi ako adziwa."

Sindingatsutse. Njirayo ikukhota mokoma mpaka munthu kufuna kuitsata.

Mawa tsono. Loweruka m'mawa ndili ndi mkwatibwi ndi operekeza ake ku saluni, ndiye mawa ndi mawa basi.

Lachisanu

Chiperoni.

Phiri la Soche kulibe, alichotsa. Nkolokosa yonse ili m'chifunga, mvula yosaoneka koma yonyowetsa, aliyense wavala juzi ziwiri. Ndadikira m'mawa wonse. Ndadikira masana. Kumwamba kuli ngati bulangete lonyowa.

Amayi atenga ambulera yawo, apita ku mphakati. Mpata ndi womwewu. M'kachipinda sitingapopere, ababa ali ndi chifuwa. Tanyamula mudzi wonse, wina uku wina uku, taukhazika pa mpando pakhomo pa kachipindako. Ababa aimirira ndi ambulera yaikulu, akufunditsa kwa apongozi awo, iwo eni akunyowa msana.

Ndagwedeza mpaka dzanja lawawa. Fuuu, pa denga. Fuuu, pa makoma. Fuuu, pa bwalo. Zokongola. Ndikudzitama mumtima.

Kenako denga likuyamba kutuwa.

Ndikuti mwina ndi maso anga. Makoma nawo akutuwa. Ndikuti mwina ndapopera pang'ono, ndiwonjezere kuti zifanane. Fuuu. Zikuyera. Fuuuu. Zikuyereratu! Fu, fu, f. Chitini chatha, kwatsala kamwala kokha kakundiseka m'katimo.

Zowonongeka:
- denga: ngati lathiridwa ufa woyera
- makoma: phulusa
- mtengo wa masau: imvi
- mbuzi zonse: nkhosa
- kachitenje ka pachingwe: maluwa ake sakuonekanso
- ine: sindikudziwa poika nkhope

Dzulo chitini chomwechi chinali mngelo! Chasintha ndi chiyani?

Ababa aweramira pafupi, ambulera ikadali m'manja, madzi akuwatsikira m'khosi. Ayang'ana nthawi yaitali. Ndikudikira mawu. Andikalipire, ndipepukidwe.

"Taona," akutero. "Agogo ako asamukira ku Ulaya."

Ndaseka, kenako ndalira, kenako zonse pamodzi. Andipatsa mpango wawo, wodzaza utuchi. "Usalire, tinapopera tonse. Ambulera ndinagwira ndine."

Koma madzulo tiyi wawo wazizira m'kapu osamukhudza, ndipo wailesi sanatsegule. Chaka chathunthu cha zala zija. Amayi akufunsa ngati akudwala. "Ndi nyengoyi," akutero. Sakunama.

Loweruka

Mkwatibwi akufuna gulosi pa zala zonse. "Ziwale, asisi, mpaka apongozi aphethire." Anthu ena moyo ndi wosavuta.

Pakati pa operekeza awiri ndatumiza chithunzi kwa achimwene a Domi ku Joni. Iwo amapopera penti galimoto kumeneko. Ayankha ndi mawu a pa foni, theka ndi kuseka: "Iwe, ndani amapopera mati pa chiperoni? Chinyezi chatsekeredwa m'kati. Popera gulosi pamwamba, kuyerako kuchoka. Likadzatuluka dzuwa ubwereze mati. Komatu madalawo ndi dolo, eti! Ndaona mpaka nkhokwe ija." Kumapeto mawu awo akumveka ngati a chimfine.

Gulosi sasowa. Ndamupeza pa msika wa Zingwangwa ndisanamalize n'kufunsa komwe.

Masana amayi ali ku kwaya. Ulendo uno chitini ndachifunditsa m'madzi ofunda, mudzi tauika m'kachipinda pafupi ndi mbaula, ababa ndawatulutsa panja. Fuuu. Ndatseka maso. Ndatsegula.

Ufa wasungunuka! Denga labwerera, makoma abwerera, nkhosa zasanduka mbuzi, maluwa a kachitenje akuonekanso. Ndavina ndekha, ndagunda mutu ku shelefu. "Ababa, lowani muone!"

Alowa. Sakuseka.

Ndayang'ananso ndi maso awo. Zonse zikunyezimira. Makoma, bwalo, njira ya ku mtsinje. Si kuwala kwa chinthu chatsopano ayi. Kukuoneka konyowa. Pakhomo ponse ngati madzi angochokapo kumene.

Akhala pa mpando wa makina osokera. Akulankhula osandiyang'ana. Akuti chaka cha madzi chija ndi iwo anapita pa bwato kukatenga agogo pa sukulu pomwe anthu anathawira. Agogo anakakamira kuti adutsire pakhomo. Anapeza makoma akadaima, akunyezimira chonchi pa dzuwa. Ali chiyang'anire, nyumba inangokhala pansi. Amayi sanaone, anali kuno. Sanawauzepo mmene inagwera.

"Yonyowa ndinaiona kale. Ndimafuna mayi ako aione youma."

Sabata yonse ine ndimayesa ndi nkhani ya kukongola.

Zomwe ndayesa kuyambira pamenepo:
- kuthamangira ku Limbe: kasitolo katsekedwa, komanso chitini chinali chomaliza
- kufunsa pa gulu la foni la mpingo: andiyankha "Amen" anthu ambiri
- kuwaza paudala wa kumaso pa khoma la khitchini: akuterereka
- kuyang'ana kumwamba: chiperoni chikadalipo

Ndikuti tisunthe, tidzapereke sabata ya mawa. Ababa akupukusa mutu. "Tsiku la ukwati silisuntha. Ndinamulonjeza mphatso. Alandira yomwe ilipo." Atenga chitenje, afunditsa mudzi wawo bwinobwino, akonza ngodya zonse zinayi ngati akuyala pa guwa.

Lamulungu

Misa. Abambo mfumu adalitsa ababa ndi amayi kutsogolo, anthu aombera m'manja, amayi a kwaya aimba nthungululu. Ababa mu suti yomwe anasoka okha, amayi m'chilundu chatsopano ndi duku. Ine sindinamve ulaliki. Ndimangopempherera dzuwa, ngakhale mati woti ndipopere palibe.

Kunyumba tanyamula mudzi, tauika pa tebulo la pabalaza. Foni ndaisiya m'chikwama. Ababa avundukula.

Amayi asendera pafupi. Akhala pansi pang'onopang'ono. Chala chawo chikuyenda m'mwamba, osakhudza: nkhokwe, khola, mtengo. Chafika pa njira, chakhota nayo. "Chulu," akutero.

Misozi ilipo, koma si ya pa pulani yanga. Ikungotsika yokha, nkhope ili phee.

Kenako akhudza khoma. Ayang'ana chala. Akhudzanso.

"Bambo a Domi, nyumba ya amayi anga mwaisiya pa mvula?"

Ine ndayamba kufotokoza: mati, gulosi, chinyezi, Limbe, achimwene. Sakumva. Adzuka, atuluka ndi chilundu chatsopano chomwecho. Tikumva khasu kuseri. Abwera ndi dothi m'sosa ya alendo, ija sitiigwira, athiramo timadzi, akanya ndi chala.

Ndikuti amayi, dothi pa vanishi siligwira, lizigwa. "Lizigwa. Nanga kwathu silinkagwa? Tinkazira chaka ndi chaka."

Ayamba ndi khoma la kutsogolo. Chala chimodzi, mozungulira, mozungulira. Likuterereka, akubwereza. Akudandaula kuti dothi la Nkolokosa ndi katondo, kwawo ndi makande, nyumba ya amayi awo sinali yofiira chonchi. Akuti khomo la khitchini lachepa. Akuti mtondo uli kuti, pakhomo popanda mtondo anthu ankadya chiyani? Ababa akungoti "Eya, eya," akumwetulira ngati mnyamata, alemba kale m'mutu mtondo ndi munsi wake.

Pofika madzulo:
- nyumba yaikulu: yofiira, ya mabala a zala, mtundu wolakwika
- denga ndi mtengo: zikunyezimirabe, palibe akuziyang'ana
- nsalu ya patebulo: yatha ntchito
- kaburashi kanga kabwino ka zikhadabo: alanda, akuzirira m'ngodya
- mpunga wa phwando: wapserera, tadya choncho

Khoma loyamba lauma. Silikuwala ngakhale pang'ono. Ndikapuma pafupi, fumbi likugwa. Ababa aliyang'ana, aliyang'ananso, kenako apita kukatsegula wailesi.

Ine ukatswiri wanga wathera pomwepa. Ndauzidwa kuti ndifunse ku saluni ngati pali kasitomala wopita ku Nsanje, adzatitengere makande m'kajumbo. Mawa ndikayambe kufotokozera anthu kuti ndikufuna dothi.

Panopa akuzira nkhokwe, awiriwo mitu pamodzi, akukangana za mbali yomwe inkapendekera. Ine andipatsa ntchito yogwira sosa.